Galimoto Yanga Ndiigulitse Zingati? Mafunso ndi Mayankho kwa Eni Magalimoto a ku Nkhotakota

Munthu wa ku Lilongwe akafuna kugulitsa galimoto amazungulira malo ogulitsira magalimoto tsiku limodzi, pofika madzulo akudziwa kale mitengo ya anzake. Wa ku Nkhotakota, kaya amakhala pa boma, ku Dwangwa, ku Benga kapena ku Chia, mwayi umenewo alibe. Nthawi zambiri mtengo woyamba umene amaumva umachokera pakamwa pa wogula yemweyo, kapena pa mkhalapakati amene wabwera naye. Zikachitika kuti wogulitsayo wapanikizika ndi fizi, matenda kapena ngongole, amavomera msanga, kenaka n'kudzamva kuti galimoto yake yagulitsidwanso m'tauni pa mtengo wokwera kwambiri.

Foni ya intaneti ikhoza kukutetezani ku zimenezi, bola mudziwe choyang'ana ndi mowerengera mwake. Nawa mafunso amene eni magalimoto amafunsa kawirikawiri asanagulitse, pamodzi ndi mayankho ake.

1. Kodi ilipo webusaiti imene ndingalembepo mtundu wa galimoto yanga n'kundiuza mtengo wake?

Kumayiko ena zilipo. Ku America kuli Kelley Blue Book, imene yakhala ikufalitsa mitengo ya magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kuyambira mu 1926. Ku South Africa anthu amayang'ana pa AutoTrader kapena kufunsa mtengo kwa a WeBuyCars. Masamba amenewa amatha kutchula mtengo chifukwa amasonkhanitsa mbiri ya magalimoto ambirimbiri ogulitsidwa pa msika wa kwawoko, malinga ndi misonkho, misewu ndi ndalama ya kwawoko.

Mitengo imeneyo si ya kuno. Sienta ndi Probox, zimene zadzaza msewu wa M5, sizinapangidwire msika wa ku America, choncho kumeneko simukazipezako. AutoTrader ingakuthandizeni ngati galimoto yanu inachokera ku South Africa, monga Hilux, Ford Ranger kapena Polo, koma mtengo wa pamenepo mulibe msonkho wa kuno ngakhalenso ndalama ya ulendo.

Musataye bandulo kufunafuna tsamba loti likupatseni nambala imodzi. Intaneti ikupatsani zinthu ziwiri: ndalama zimene munthu angawononge lero poitanitsa galimoto yofanana ndi yanu, ndiponso mitengo imene anthu ena akutchula m'dziko muno. Masamu otsalawo ndi anu, ndipo si ovuta.

2. Ndisanatsegule foni, ndiyenera kudziwa chiyani za galimoto yangayo?

Dzina lokha silikwanira. Kunena kuti "ndili ndi Vitz" sikunathandize, chifukwa Vitz ya KSP90 ili ndi injini ya 996cc pamene ya SCP90 ili ndi ya 1,296cc, ndipo mitengo yake imasiyana. Sienta yakale ya NCP81, imene inayamba kupangidwa mu 2003, singafanane mtengo ndi ya NSP170 imene inatuluka mu 2015. Zilembo ndi manambala amenewa muwapeza kumayambiriro kwa nambala ya chasisi, mu blue book yanu komanso pa kachitsulo kokhomedwa mu boneti kapena pa mphuthu ya chitseko.

Lembani papepala mtundu, nambala ya chasisi, kukula kwa injini, mafuta amene imayendera, ngati ndi ya otomatiki kapena ya magiya a pamanja, ndi makilomita amene yayenda. Lembaninso zaka ziwiri: chaka chimene inapangidwa ndi chaka chimene inalembetsedwa kuno. Ambiri amasokoneza ziwirizi. Galimoto imene inalowa m'dziko muno mu 2019 ikhoza kukhala yopangidwa mu 2008. Ngati mukukayika, yang'anani kansalu kosokedwa kumunsi kwa lamba wa pampando. Pa magalimoto ambiri a ku Japan pamalembedwa chaka chimene lambayo anapangidwa, ndipo nthawi zambiri chimagwirizana ndi cha galimotoyo. Ogula ochenjera amayang'ana pomwepo, ndiye ndi bwino inu muyambe mwaonapo.

3. Masamba a ku Japan ndi a ogula. Ine wogulitsa andithandiza bwanji?

Akuthandizani kudziwa malire a pamwamba, mtengo umene simungaupitirire. Aliyense wofuna galimoto yanu ali ndi njira inanso: kuitanitsa yake kuchokera kunja. Mukadziwa ndalama zimene angawononge potero, mwadziwa pamene mtengo wanu uyenera kulekezera.

Tsegulani BE FORWARD, SBT Japan kapena TCV, n'kusankha mtundu, chaka ndi injini zofanana ndi zanu. Chenjerani ndi mtengo woyamba umene umaoneka, wolembedwa FOB. Umenewo ndi wa galimoto ikadali pa doko la ku Japan. Sankhani doko la Dar es Salaam kuti muone mtengo wophatikiza ndi ulendo wa pa sitima, umene amaulemba C&F kapena CIF. Musatenge galimoto imodzi yokha. Onani zingapo, mutenge ya pakatikati.

Pa mtengo umenewo onjezani ndalama za pa doko, za wokutulutsirani galimoto, za dalaivala ndi mafuta pa mtunda wopitirira makilomita 900 kuchokera ku Dar es Salaam kufika pa chipata cha Songwe, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, COF ndi inshuwalansi. Msonkho ndiye gawo lalikulu, ndipo umatengera mtundu wa galimoto, chaka chake ndi kukula kwa injini. Musaulote, funsani a MRA kapena ejenti wovomerezeka amene amatulutsa magalimoto pa chipata.

Zonsezi zikaphatikizidwa, mwapeza mtengo wa galimoto ya IT yongofika kumene. Yanu, imene yayenda zaka zingapo m'misewu yathu, iyenera kukhala pansi pa mtengo umenewo. Komabe musadziderere. Wogula yanu akwera lero lomwe, sadikira sitima milungu ingapo, ndiponso savutika kusaka ndalama zakunja. Ubwino umenewo nawo uli ndi mtengo wake.

4. Mitengo ya ku Japan ili m'madola. Ndisinthe bwanji kuti ikhale m'makwacha?

Apa m'pamene ambiri amaphonya. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Kuwonjezera apo, ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki, moti oitanitsa magalimoto amadikira nthawi yaitali kapena kulowa m'zowonongera zina, ndipo zonsezo zimathera pa mtengo wa galimoto.

Mukangochulukitsa madola ndi mtengo wolembedwa pa bolodi la kubanki, mupeza nambala yotsika kuposa imene msika ukuyendera. Njira yabwino ndi kufunsa anthu awiri kapena atatu amene ntchito yawo ndi kuitanitsa magalimoto. Atumizireni chithunzi cha galimoto imene mwaipeza pa intaneti, muwafunse kuti, "Iyiyi kuti ifike pakhomo panga, yolembetsa kale, ndikonze zingati m'makwacha?" Yankho lawo ndi limene mugwiritse ntchito, ndipo mulembe tsiku limene akuyankhani, chifukwa pakatha miyezi iwiri likhoza kukhala litasintha.

5. Bwanji ndingotenga mtengo umene ndinagulira n'kuchotsapo pang'ono?

Musatero. M'dziko limene ndalama yake ndi yokhazikika, galimoto imatsika mtengo chaka ndi chaka, ndipo masamu oterewo amagwira. Kuno zinthu ziwiri zimachitika pamodzi: galimoto ikukalamba, kwacha nayo ikuchepa mphamvu. N'chifukwa chake galimoto imene munagula mu 2021 ikhoza kugulitsidwa lero pa makwacha ochuluka kuposa amene munapereka, ngakhale yatha matayala.

Zikatero munthu amaona ngati wapindula, pamene mwina waluza. Wogula akakupatsani ndalama yoposa imene munagulira, musafulumire kugwirana naye chanza. Dzifunseni kaye kuti ndalamayo igula chiyani lero. Ngati mukugulitsa kuti mugule injini ya boti, malata, simenti kapena galimoto ina yaing'ono, funsani mitengo ya zinthu zimenezo sabata yomweyo. Pali anthu amene anagulitsa galimoto poganiza kuti agula ina, n'kupeza kuti ndalama ili m'manjayo singagule ngakhale yofanana ndi imene ataya. Mtengo umene munagulira ndi mbiri chabe. Wofunika ndi wa lero.

6. Nanga mitengo ya pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp ndiikhulupirire?

Iwerengeni, koma mochenjera. Imeneyo ndi mitengo imene anthu akupempha, osati imene alandira. Galimoto ikagulitsidwa, kawirikawiri mwini wake amangolemba kuti yapita, satchula ndalama imene wapatsidwa.

Sakani pa Facebook Marketplace ndi m'magulu ogulitsirana magalimoto a ku Lilongwe, Mzuzu ndi Blantyre. Sonkhanitsani magalimoto osachepera asanu ofanana ndi yanu pa mtundu, chaka ndi injini, amene aikidwa m'mwezi womwe uno. Zolengeza zakale zisiyeni. Yang'anitsitsani zithunzi, chifukwa galimoto imodzi imatha kuikidwa ndi maejenti atatu pa mitengo itatu yosiyana. Muizindikira ndi nambala, malimu kapena nsalu za mipando. Galimoto imene yakhala ikulengezedwa mobwerezabwereza kwa miyezi ikukuuzani kuti mtengo wake msika waukana.

Tiyerekeze ndi manambala ongophunzitsira masamu, osati mitengo ya lero. Mwapeza ma Sienta asanu: ya K9 miliyoni, ya K10.5 miliyoni, ya K11 miliyoni, ya K11.5 miliyoni ndi ya K15 miliyoni. Chotsani yotsikitsitsa ndi yokweretsetsa, chifukwa ina mwina ili ndi vuto lobisika ndipo inayo mwini wake sakufulumira. Zotsalazo zikuzungulira pa K11 miliyoni. Tsopano imbirani eni ake awiri kapena atatu, mufunse mtengo womaliza. Akatsika ndi pafupifupi K1 miliyoni aliyense, mwadziwa kuti msika weniweni uli pa K10 miliyoni. Yerekezani nambala imeneyi ndi ya galimoto ya IT ija. Ngati ili pansi pake, masamu anu akuyenda bwino.

7. Kodi kukhala ku Nkhotakota kumatsitsa mtengo wa galimoto yanga?

Zimatengera mtundu wa galimotoyo. Ogula ambiri ali m'mizinda, ndipo kuchokera ku Lilongwe kudzera ku Salima kufika pa boma la Nkhotakota ndi mtunda wa pafupifupi makilomita 200. Wobwera kudzaona galimoto amawerengera thiransipoti yake, ya makaniko wake ndi tsiku limene wataya, ndipo adzafuna kuti zimenezo zichoke pa mtengo. Adzakuuzaninso kuti galimoto yoyenda mu M5, ndi maenje ake, komanso m'misewu yafumbi yopita kumadoko ndi kuminda, imatha msanga mashoko ndi mabushi. Pamenepo sakunama.

Koma kunyanja kuno kulinso msika wake. Sienta imafunidwa ndi onyamula anthu pakati pa boma ndi Dwangwa kapena Salima. Probox, mapikapu ndi malole ang'onoang'ono amafunidwa ndi ochita geni ya nsomba, mpunga ndi chinangwa. Magalimoto oterewa mukhoza kuwagulitsa konkuno pa mtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa m'tauni, chifukwa wogulayo akuona ndalama imene galimotoyo izimubweretsera tsiku ndi tsiku. Chimodzimodzinso magalimoto osamwa mafuta ambiri, amene anthu akhala akuwakonda kwambiri chifukwa cha kukwera mtengo ndi kusowa kwa mafuta m'zaka zapitazi.

Galimoto yapamwamba yotsika pansi, kapena ya injini yaikulu, ogula ake ali m'tauni. Musanaitengere kumeneko, werengerani mafuta opita ndi kubwerera, malo ogona ndi oimikapo. Ndi bwino kuilengeza kaye pa intaneti, mupangane ndi ogula angapo tsiku limodzi, kenaka munyamuke.

8. Ogula ena akuti galimoto ya kunyanja imadyedwa ndi dzimbiri. N'zoona?

Nyanja ya Malawi madzi ake alibe mchere ngati a ku Dar es Salaam kapena ku Beira, choncho mphepo yake siidya chitsulo ngati ya kumeneko. Wogula asakuopsezeni ndi mawu amenewo. Chimene chimawononga magalimoto kuno ndi ntchito imene amagwira.

Tengani Probox imene yakhala ikunyamula chambo ndi usipa wauwisi kuchokera pa Chia. Kunja ikhoza kuwala bwinobwino. Koma tsegulani kumbuyo, mutukule kapeti, muchotse tayala la sipeya. M'dzenje lakelo mupeza madzi a nsomba ndi a ayezi atadikha, utoto utatukusira, dzimbiri litayamba kuboola. Galimotoyo ikakhala padzuwa yotseka mawindo kwa ola limodzi, fungo limabwerera ngakhale mutathira mafuta onunkhira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo makaniko wa wogula adzafika pomwepo.

Madzi osefukira nawo ndi nkhani ina. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi anasefukira m'dera la Dwangwa, n'kugwetsa nyumba ndi kudula msewu wa M5. Galimoto imene inamirapo imadziwika ndi matope ouma pansi pa mipando, dzimbiri pa njanji za mipando, mzere wa madzi pa lamba mukamukoka mpaka kumapeto, ndi magetsi ovutavuta. Ngati yanu inalowapo m'madzi, nenani, mutsitse mtengo. Ngati sinalowepo, jambulani malo onsewa muonetse, chifukwa umenewo ndi umboni wokweza mtengo. Musaiwale kuti kuno n'kotentha: galimoto imene eyakoni yake ikugwira ndipo injini siitentha pokwera zitunda za msewu wa M18 wopita ku Kasungu ili ndi chonenera pa mtengo.

9. Makilomita amene yayenda amasintha mtengo kwambiri?

Amasintha, koma ogula ambiri anasiya kukhulupirira nambala ya pa dashibodi payokha, chifukwa amadziwa kuti ena amaibweza. Amayang'ana chiwongolero ngati chasalala, mapedulo ngati adyeka, mpando wa dalaivala ngati wafwifwa, ndi utsi wotuluka m'mawa injini ikangolizidwa. Galimoto imene inali ndi nambala yofiira, yonyamula anthu, amaiwerengera ngati yotopa ngakhale nambala ya makilomita ioneke yochepa.

Chimene chingakukwezereni mtengo ndi umboni. Sungani malisiti a sevisi ndi a zipangizo zimene munasintha. Ngati muli ndi mapepala amene galimoto inabwera nawo kuchokera ku Japan, atulutseni: chikalata chotulutsira galimoto m'dzikomo chimasonyeza makilomita amene inali nawo poyezedwa komaliza, ndipo pepala la ku okushoni limasonyeza giredi yake, monga 4, 3.5, kapena R ya galimoto imene inakonzedwapo itachita ngozi. Palinso masamba olipira, monga CAR VX, amene amafufuza mbiri ya galimoto ya ku Japan pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi. Wogula akhoza kufufuza yekha, choncho kubweza makilomita ndi chinyengo chimene chingakuonongereni malonda ndi mbiri yomwe.

10. Ndikonze kaye zowonongeka, kapena ndigulitse momwe ilili?

Pitani nayo kwa makaniko amene mumamukhulupirira, ailowe pansi, aiyendetse, akulembereni zonse zofunika kukonza ndi mitengo yake. Mndandanda umenewo ndi umene muchotsere pa mtengo wa msika. Pa chitsanzo chathu chija, ngati matayala awiri, mashoko akutsogolo ndi COF zikukwana K800,000, ndiye kuti pa K10 miliyoni patsala K9.2 miliyoni.

Zing'onozing'ono zooneka ndi maso konzani: babu lakufa, galasi la m'mbali losweka, chogwirira chitseko, batire lofooka, ndi kuichapa bwino m'kati ndi kunja. Zimenezi zimadya ndalama yochepa, koma wogula akaziona amadula yambiri. Zikuluzikulu monga kutsitsa injini, kusintha giyabokosi kapena kupenta galimoto yonse, kawirikawiri ndalama yake siibwerera. Utoto watsopano umachititsanso wogula kuganiza kuti mukubisa ngozi. Pa zoterezi ndi bwino kunena chilungamo n'kutsitsa mtengo.

Pojambula zithunzi zoika pa intaneti, sankhani m'mawa kapena madzulo dzuwa lisanawale kwambiri. Jambulani mbali zonse zinayi, m'kati, injini, matayala, dashibodi injini ili chilirire, ndi kumbuyo kapeti atatukulidwa. Pamene pali chilema jambulaniponso. Munthu wochokera kutali akapeza zimene sanazione pa chithunzi amakwiya, ndipo amadula mtengo mopitirira.

11. Mapepala amakhudza bwanji mtengo?

Kwambiri. Galimoto imene blue book yake ili m'dzina lanu, COF ndi inshuwalansi zikugwira, imagulitsidwa msanga ndiponso pa mtengo wabwino. Imene ikadali m'dzina la munthu amene munamugula zaka zapitazo, kapena la malemu amene chuma chake sichinagawidwe mwalamulo, ogula ambiri amaithawa, ndipo otsalawo amadula mtengo kwambiri. Konzani zimenezi musanailengeze.

Ngati galimoto inalowa m'dziko muno mosalipira msonkho chifukwa cha chilolezo chapadera, kaonaneni ndi a MRA musanaigulitse, popeza pakhoza kukhala msonkho woyenera kulipidwa. Ngati munaikita chikole pa ngongole ya kubanki kapena ku bungwe lobwereketsa ndalama, malizani kaye ngongoleyo kapena mugwirizane ndi eni ngongole poyera, wogula akudziwa.

Mukagulitsa, musasiye nkhani ya kusintha umwini m'manja mwa wogula yekha. Kuyambira mu 2015 nthambi ya Road Traffic imagwiritsa ntchito kaundula wa pa kompyuta wa MalTIS, amene amasunga chithunzi ndi zidindo za zala za mwini galimoto, choncho konzekani kupita nonse awiri ku ofesi yawo. Galimoto ikakhalabe m'dzina lanu n'kukachita ngozi kapena kugwidwa ndi katundu woletsedwa, apolisi adzayambira pakhomo panu. Gwirizanani pasadakhale amene alipire ulendowo ndi ndalama zosinthira, ndipo mulembe m'kalata ya mgwirizano.

12. Pali nyengo yabwino yogulitsira?

Ilipo, ndipo kuno imatsatira ndalama za kumunda ndi kunyanja. Kuyambira mu Epulo msika wa fodya umatsegulidwa, ndipo alimi a ku Kasungu ndi ku Ntchisi, oyandikana nafe, amakhala ndi ndalama m'thumba. Nyengo yomweyo fakitale ya shuga ya Illovo ku Dwangwa imayamba kugaya nzimbe, alimi n'kumalandira malipiro awo. Chapakati pa chaka mpunga umakololedwa ndi kugulitsidwa. Miyezi imeneyi ogula amachuluka, makamaka a mapikapu ndi magalimoto a geni.

Mu Novembala ndi Disembala boma limaletsa makoka ena kuti nsomba ziswane, ndipo ndalama za anthu zimapita ku feteleza ndi mbewu. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi ndi njala. Ogulitsa amachuluka, ogula amachepa, misewu yafumbi imavuta. Ngati mukudziwa kuti mudzafuna ndalama mu Januwale, yambani kulengeza galimoto miyezi ingapo m'mbuyo. Fulumira adadya gaga.

13. Nanga akhalapakati ndi akuba a pa foni ndithane nawo bwanji?

Mkhalapakati wabwino amathandiza, makamaka kwa munthu wokhala kutali ndi tauni. Vuto limabwera pamene iye yekha ndiye akudziwa mitengo yonse iwiri, wanu ndi wa wogula. Gwirizanani naye komishoni yake musanayambe, mulembe, ndipo muumirire kuti pokambirana mtengo womaliza inu ndi wogula mulankhulane nokha. Musamupatse blue book kapena makiyi kuti apite nazo.

Pa intaneti musaike chithunzi cha blue book, chiphaso cha unzika kapena laisensi yanu, chifukwa akuba amazigwiritsa ntchito kunamiza anthu ena kuti galimotoyo ndi yawo. Chenjerani ndi wogula amene sanaione galimoto koma akuvomera mtengo wonse osanenerera, kenaka n'kukupemphani kuti mumutumizire ya mafuta kapena ya thiransipoti. Chenjeraninso ndi uthenga wa pa foni wooneka ngati wochokera kubanki, ku Airtel Money kapena ku Mpamba. Uthenga si ndalama, ndiponso chithunzi cha lisiti si ndalama. Yang'anani nokha mu akaunti yanu, kapena lowani kubanki pamodzi ndi wogulayo masana, ndalama iwerengedwe ndi kusungidwa, kenaka mupereke makiyi. 

Wofuna kuyesa galimoto aonetse laisensi, ndipo inu kapena m'bale wanu akhalemo. Kumanani pamalo poonekera, monga pafupi ndi polisi kapena pa filing'i siteshoni, osati kugombe kopanda anthu. Kalata ya mgwirizano ikhale ndi maina, nambala ya galimoto ndi ya chasisi, mtengo, tsiku, ndi mboni ziwiri. Za kulipira pang'onopang'ono zipeweni. Ngati simungachitire mwina, galimoto ndi mapepala zikhale kwa inu mpaka ndalama itakwana.

14. Ndawerengera zonse. Tsopano nditchule zingati?

Konzani mitengo itatu musanayankhe foni ya wogula aliyense. Woyamba ndi wolengeza, wokwererako pang'ono kuti pakhale ponenerera, chifukwa palibe Mmalawi amene amagula galimoto osapempha kuti mumuchotsereko. Wachiwiri ndi umene mukuyembekeza kulandira. Wachitatu ndi wotsikitsitsa, umene pansi pake simugulitsa. Pa chitsanzo chathu, mukhoza kulengeza K10 miliyoni, kuyembekeza K9.2 miliyoni, n'kukana chilichonse chochepera K9 miliyoni. Mtengo wachitatuwo ukhale mumtima mwanu ndi mwa a kunyumba kwanu okha, mkhalapakati asaudziwe.

Mukalengeza, msika womwewo ukuuzani ngati mwalondola. Foni zikachuluka tsiku loyamba lomwe, aliyense akufuna kubwera ndi ndalama, mwina mwatchipitsa. Musachite manyazi kuonanso masamu anu musanalonjeze munthu. Pakatha milungu itatu popanda wofunsa, tsitsani pang'ono, kapena sinthani zithunzi. Pakatha mwezi, bwererani pa intaneti muwerengerenso, chifukwa msonkho, mafuta ndi kwacha sizidikira munthu.

Wogula akanena kuti mwakweza, musakangane naye. Muonetseni mitengo imene mwasonkhanitsa, mtengo wa galimoto ya IT, ndi mndandanda wa makaniko wanu. Munthu amene wabwera ndi mapepala otere savuta kumukhulupirira, ndipo n'kovuta kumupusitsa. Galimoto ndi chuma chimene banja lachivutikira zaka zambiri. Musaitulutse pakhomo musanakhale pansi ndi foni, pepala ndi cholembera, n'kudziwa nokha mtengo wake wa lero.